Kusanjika, kugumula khoma, kukweza thanki: nyumba yakale ingasenze zochuluka bwanji?

Aliyense woyenda mu Mzuzu masiku ano akuona mmene nyumba zakale zikusinthira nkhope. Nyumba yomwe inali yogonamo ku Katoto lero ndi ofesi. Ku Luwinga, kufupi ndi yunivesite, eni nyumba akuwonjezera zipinda kuti achititse lendi ana asukulu. M'tauni, sitolo yomwe inali ndi zitseko ziwiri ndi khoma pakati yasanduka chipinda chimodzi chachikulu, kutsogolo konse magalasi okhaokha. Malo akudula, ndipo amene ali ndi puloti pamalo abwino akuona kuti kotsala n'kukwera m'mwamba.

Kusinthaku kwabwera ndi mkangano womwe umabuka nthawi iliyonse tikamva kuti kwinakwake nyumba yagwa ikukonzedwa. Wina amati, "Nyumba iyi yatha zaka 30 osang'aluka, ingalephere bwanji kunyamula zipinda ziwiri pamwamba?" Mnzake amati nyumba yakale si yoikhudza, ingogwetsedwa basi. Onse awiri akuweruza ndi maso, chonsecho chomwe akukanganirana sichioneka ndi maso. Nkhani yake ndi ya kulemera: nyumbayo ikusenza zochuluka bwanji, kulemerako kukudzera pati potsikira pansi, ndipo mphamvu yatsala ndi yotani.

Katundu amene nyumba imasenza

Mainjiniya amagawa katundu wa nyumba m'magulu. Gulu loyamba ndi kulemera kwa nyumba yeniyeniyo: makoma, denga, silabu, pulasitala, matailosi. Katundu ameneyu sachoka, usiku ndi usana ali pomwepo, ndipo amamutchula kuti dead load. Gulu lachiwiri ndi la zolowa ndi kutuluka: anthu, mipando, mabedi, katundu wa m'sitolo. Limeneli amati live load. Palinso mphamvu zokankha cham'mbali kapena kunyamula denga, zomwe ndi mphepo ndi chivomezi.

Ambiri tikamaganiza za kulemera timaona anthu ndi katundu wawo. Koma m'nyumba ya njerwa ndi konkire, cholemera kwambiri ndi nyumbayo. Konkire wa kiyubiki mita imodzi amalemera makilogalamu pafupifupi 2,400. Ndiye kuti silabu yokhuthala masentimita 15 imalemera makilogalamu 360 pa sikweya mita iliyonse, munthu asanapondepo n'komwe. Denga la malata pamodzi ndi matabwa ake kawirikawiri silipitirira makilogalamu 30 pa sikweya mita. Wochotsa malata n'kuthira silabu wachulukitsa katundu wa pamwamba pa makoma maulendo oposa khumi.

Za zolowa ndi kutuluka, mabuku amene mainjiniya amatsatira amapereka mlingo malinga ndi ntchito ya chipinda. Chipinda chogona amachiwerengera makilogalamu 150 mpaka 200 pa sikweya mita. Ofesi, 250 mpaka 300. Sitolo, pafupifupi 400. Holo yomwe anthu amaimirira mothinana, 500. N'chifukwa chake kungosintha ntchito ya nyumba, osagumula kanthu, ndi nkhani ya injiniya kale. Chipinda cham'mwamba chomwe chinapangidwira banja chikasanduka tchalitchi, pansi pake pakusenza katundu woposa kawiri yemwe anawerengeredwa, ndipo anthu akamavina ndi kudumpha pamodzi, mphamvuyo imakula koposa apo.

N'zoona kuti injiniya powerengera amasiya mpata, sapanga nyumba yongokwanira ndendende. Koma mpata umenewo ndi wa zinthu zomwe sangazidziwiretu, monga simenti yofookerapo kapena mmisiri kulakwitsa pang'ono. Si mphatso yoti wina adzasanjikirepo. Ndipo tivomereze kuti nyumba zambiri za m'malokeshoni sizinadutse m'manja mwa injiniya. Anamanga ndi mmisiri, ndi luso lake, molingana ndi thumba la mwini nyumba pa nthawiyo.

Kulemera kuli ndi njira yake

Mayi akasenza chidebe cha madzi, kulemerako sikuthera pamutu. Kumadzera m'khosi, msana, miyendo, mapazi, mpaka pansi pomwe waponda. Khosi likhoza kukhala lamphamvu, koma bondo likakhala lovulala, agwa. Thupi lonse likhoza kukhala bwinobwino, koma akaponda pa matope, agwabe. Nyumba ndi chimodzimodzi. Malata amapereka kulemera kwawo ku matabwa, matabwa ku khoma kapena bimu (mtanda wa konkire kapena wa chitsulo), bimu ku pilala, pilala ku fandeshoni, fandeshoni ku dothi. Mphamvu ya nyumba yonse imathera pa chiwalo chofooka kwambiri pa njira imeneyi.

Ntchito iliyonse yokonzanso nyumba yakale imachita chimodzi mwa zitatu: imawonjezera katundu pa njirayi, imadula njirayi, kapena imaipatutsa kuti kulemera kudzere pomwe sikunadzerepo. Katundu satha chifukwa khoma lachoka. Amangofuna kwina kodzera, ndipo amakupeza, kaya kumeneko kuli mphamvu kaya kulibe.

Masamu a kusanjika

Titenge nyumba wamba ya mamita 10 mulitali ndi mamita 8 mulifupi, yomwe ndi masikweya mita 80. Silabu ya masentimita 15 pamwamba pake ndi matani pafupifupi 29. Makoma am'mwamba a njerwa, akunja ndi am'kati, opaka pulasitala, akhoza kufika matani 35. Anthu ndi katundu wawo, matani ena 12 kapena kuposa. Tadutsa kale matani 70, omwe ndi matumba a chimanga 1,400 a makilogalamu 50, ndipo masitepe sitinawerenge. Zonsezi zikukakhala pa makoma ndi fandeshoni zomwe zinapangidwira malata.

Apa mafunso ndi awiri. Loyamba ndi la makoma. Njerwa yootcha ya kumudzi siifanana ndi inzake: za pakati pa uvuni zimapsa bwino, za m'mphepete zimanyenyeka ndi chala. Nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi matope m'malo mwa simenti, kenako n'kupaka pulasitala wa simenti kunja. Zina m'kati mwake ndi zidina. Poyang'ana utoto simungadziwe. Khoma lotere limasenza malata kwa zaka zambiri popanda vuto, koma kuliika pansi pa silabu ndi nkhani ina.

Funso lachiwiri, lomwe ambiri amalidumpha chifukwa lili pansi, ndi la fandeshoni ndi dothi. Ntchito ya fandeshoni ndi kumwaza kulemera pa malo otambalala kuti dothi lisaphwanyike. Katundu akawirikiza pamene fandeshoni ili yomweyo, dothi limapanikizika kawiri. Nyumba ikamira mofanana paliponse, vuto limakhala laling'ono. Choopsa ndi pamene ngodya imodzi yamira kuposa zinzake, mwina chifukwa ili pa dothi lothira, kapena pafupi ndi dzenje la chimbudzi chakale chomwe chinakwiriridwa n'kuiwalika. Pamenepo khoma limang'aluka motsata mizere ya njerwa, ngati masitepe.

Pali eni nyumba ena amene anaganiziratu za mawa: anamanga mapilala n'kusiya zitsulo zitatulukira pamwamba, kudikira tsiku lomwe ndalama zidzapezeke. Nyumba zoterezi zili paliponse mu mzinda uno. Maganizowo ndi abwino, koma zitsulo zomwe zavumbwa zaka khumi zimakhala zitadyeka, makamaka pomwe zikulowera mu konkire pamene madzi amadekha. Ndipo kutulukira kwa zitsulo si umboni woti pansi pa pilalayo pali fandeshoni yokwanira nyumba yosanja. Zimenezi zimadziwika pokumba.

Kugumula khoma

Ngozi zambiri zimabisala apa, chifukwa ntchitoyi imaoneka yaing'ono: anyamata awiri, hamala, tsiku limodzi. Funso lomwe aliyense amafunsa ndi loti, khomali likunyamula kanthu kapena ndi logawa zipinda chabe? Poyambira pabwino ndi kukwera mu siling'i n'kuona pomwe matabwa a denga akhazikika. Khoma lokhuthala njerwa yathunthu, masentimita pafupifupi 23, nthawi zambiri limakhala lonyamula. Koma khoma lopyapyala nalo lisakupusitseni. Matabwa a denga akawerama ndi zaka amadzatsamira pa khoma lomwe poyamba silinkanyamula kanthu. Komanso khoma lam'kati, ngakhale lisakusenza za pamwamba, limagwira khoma lalitali lakunja kuti lisapendekere. Mukachotsa makoma onse am'kati kuti mupange holo, makoma akunja amatsala ataima okha, opanda chowagwira m'mbali.

Khoma lonyamula likachoka, m'malo mwake mumalowa bimu, mtanda wa konkire kapena wa chitsulo. Apa pali lamulo lomwe limadabwitsa ambiri. Mukawirikiza kawiri kutalika kwa mpata womwe bimu ikuwoloka, mphamvu yoipinda imachuluka kanayi, ndipo bimuyo ikakhala ya saizi yomweyo imawerama maulendo 16. Bimu yomwe inagwira bwino pa mpata wa mamita atatu kwa a neba singakhale muyeso wa mpata wa mamita sikisi kwanu. Mmisiri akanena kuti "timaika zitsulo zinayi za Y12 (zokhuthala mamilimita 12) nthawi zonse," akunena zoona za zomwe wakhala akuchita, koma sakuyankha funso la nyumba yanu.

Chinanso n'chakuti kulemera komwe kunkamwazika pa khoma lonse tsopano kwaunjikana pa nsonga ziwiri za bimu. Njerwa za pansi pa nsongazo, ndi fandeshoni ya pansi pake, zikulandira katundu yemwe sizinamuonepo. Nthawi zambiri pamafunika pilala ndi fandeshoni yakeyake mbali iliyonse.

Ndondomeko yake, ikamachitika bwino, imayenda chonchi. Asanakhudze khoma, amaboola timabowo pamwamba pa pomwe bimu idzakhale, n'kulowetsamo zitsulo kapena matabwa okhuthala opingasa khomalo. Mbali zonse ziwiri amaimika mitengo kapena mapaipi ochirikiza, atakhazikika pa thabwa lotambalala, n'kukhomera mpaka atagwira zolimba. Katundu wa pamwamba akasamukira pa zochirikizazo, m'pamene amatsegula mpata ndi kuika bimu. Kampata kotsala pakati pa bimu ndi njerwa zakale amakadzaza ndi simenti youmirako, yosinjirira bwino, kuti khoma lakale lisatsike n'kamodzi komwe. Zochirikiza zimachoka pomalizira, konkire atakhwima. Mukaona anthu ayamba ndi hamala, mitengo n'kumaifuna pambuyo, imitsani ntchito.

Palinso kugumula kwakung'ono komwe palibe amakuwerengera. Pulambala amaboola bimu kuti adutsitse paipi ya chimbudzi cham'mwamba. Wamagetsi amasema ngalande yopingasa khoma lonse. Mu bimu, zitsulo zonyamula zimakhala cham'munsi pakati pa mpata, ndipo kufupi ndi nsonga ndi komwe maring'i, tizitsulo tokulunga mozungulira zitsulo zazitalizo, amagwira ntchito yaikulu. Kudula chitsulo chimodzi pamenepo ndi kuchotsa gawo lalikulu la mphamvu yake. Pa khonde lam'mwamba lotulukira kunja popanda pilala, zitsulo zonyamula zimakhala pamwamba. Anthu othira konkire akazipondaponda n'kutsikira pansi, khondelo limaoneka labwinobwino koma lilibe mphamvu, ndipo limathyoka mosachenjeza.

Thanki, matumba ndi denga latsopano

Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Thanki ya malita 5,000 ikadzaza ndi matani asanu, matumba 100 a simenti, onse atakhala pa malo osakwana masikweya mita anayi. Thanki ikakhala yopanda madzi anthu atatu amaikweza mosavuta, n'chifukwa chake imapeputsidwa. Malo ake abwino ndi pa nsanja yakeyake yokhala ndi fandeshoni yake. Ngati ikuyenera kukhala pa nyumba, ikhale pomwe injiniya wasonyeza, pamwamba pa mapilala kapena makoma onyamula, osati pakati pa silabu.

Matumba nawo ndi otero. Thumba la makilogalamu 50 likagona limatenga malo pafupifupi theka la sikweya mita. Mukasanja khumi, mwaika tani imodzi pa sikweya mita, kasanu kuposa mlingo wa chipinda chogona. Wogula chimanga, mpunga wa ku Karonga kapena feteleza n'kumasunga m'chipinda cham'mwamba adziwe zimenezi. Pansi penipeni, pa dothi, vuto limeneli ndi lochepa, pokhapokha matumba atatsamira khoma n'kumalikankha.

Matailosi a konkire a padenga amalemera makilogalamu pafupifupi 45 mpaka 50 pa sikweya mita, kutalitali ndi malata, ndipo matabwa akale sanadulidwire katundu wotero. Mapanelo a sola ndi opepuka. Vuto lawo lalikulu ndi mphepo yomwe imalowa pansi pake n'kufuna kuwanyamula pamodzi ndi malata, choncho chofunika ndi kuona mmene denga lamangiriridwira ku khoma.

Zomwe mvula ndi zaka zadya

Mzuzu unayamba ngati munda wa mitengo ya mafuta yotchedwa tung m'ma 1940 ndipo unakhala mzinda mu 1985. Nyumba zambiri zomwe timati zakale pano zili ndi zaka pakati pa 30 ndi 60. Si zaka zambiri kwa nyumba yosamalidwa, koma kuno mvula ndi yambiri ndipo imachedwa kusiya, mwakuti makoma amakhala onyowa miyezi yochuluka. Mzindawu uli pa zitunda ndi madambo. Ku Masasa nyumba zakangamira pa malo otsetsereka, pomwe mbali ina ya nyumba ili pa dothi lokumba, ina pa dothi lothira. Mbali zina za Chibavi, Chiputula ndi Salisbury Line madzi ali pafupi ndi pamwamba. Mvula yamphamvu ya mu Epulo 2016 inagwetsa nyumba zambiri mu mzinda uno ndipo anthu anataya miyoyo. Dothi likakhuta madzi limataya mphamvu, ndipo khoma la matope likanyowa m'munsi limafewa pamalo pomwe katundu ali wochuluka kwambiri.

Mu konkire mdani ndi dzimbiri. Chitsulo chimafuna konkire wochikuta wa masentimita osachepera awiri ndi theka, ndipo m'nthaka kuposa apo. Chinyezi chikachipeza, dzimbiri limafufuma kuposa chitsulo chomwe ladya, n'kukankha konkire mpaka kusweka. Mukaona mizere yofiirira pansi pa silabu, kapena zibenthu zikugwa n'kusiya chitsulo poyera, kupaka pulasitala ndi kungobisa. Padenga mdani ndi chiswe ndi kudontha. Thabwa la paini likhoza kuoneka lathunthu koma m'kati muli mphako, makamaka ku nsonga komwe lalowa m'khoma. Kuligogoda ndi kulibaya ndi msomali kumaulula msanga.

Za chivomezi

Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, ndipo nyanja yathu ili m'kati mwa mng'alu umenewu. Mu Malichi 1989 chivomezi chinagwedeza Salima n'kupha anthu. Mu Disembala 2009 zivomezi zotsatizana zinakantha Karonga, chachikulu chinafika pa mlingo wa 6, ndipo nyumba zikwizikwi zinawonongeka. Mzuzu suli kutali ndi kumeneko.

Chivomezi chimakankha nyumba cham'mbali, ndipo mphamvu yake imakula molingana ndi kulemera kwa nyumbayo. Kulemerako kukakhala m'mwamba, zinthu zimaipiraipira. Kamangidwe komwe kamandidetsa nkhawa kwambiri ndi kamene kakufala m'misika yathu: pansi makoma achotsedwa kuti pakhale masitolo a magalasi, pamwamba zipinda zodzaza makoma olemera. Pa tsiku wamba nyumba yotere imaima bwinobwino. Nthaka ikagwedezeka, kupindika konse kumathera m'mapilala apansi, ndipo akathyoka, cham'mwamba chonse chimatsika. Zothandiza zake n'zodziwika: kusiya makoma ena olimba pansi, mulitali ndi mulifupi momwe, kumanga ngodya molumikizana, ndi ring'i bimu, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma onse kuti agwedezeke ngati chinthu chimodzi. Nyumba zambiri zakale zilibe lamba ameneyu, zili ndi malintala, timabimu tating'ono ta pamwamba pa zitseko ndi mawindo, basi. Nthawi yosintha denga ndi mpata wabwino womuikira.

Injiniya akabwera amachita chiyani

Amayamba ndi mapepala, ngati alipo: pulani yakale, chaka chomangira, zomwe zinasinthidwapo. Koma mapepala sawakhulupirira okha, chifukwa chojambulidwa ndi chomangidwa nthawi zina zimasiyana. Amakumbitsa maenje angapo m'mbali mwa khoma mpaka pansi pa fandeshoni, kuti ayeze kuya ndi kutambalala kwake, aone dothi ndi madzi. Amasenda pulasitala malo angapo kuti aone njerwa ndi chomangira. Konkire amamuyeza ndi kachida komenya pamwamba, kotchedwa rebound hammer, ndipo pakafunika umboni weniweni amaboola kachidutswa kozungulira n'kukakaphwanya ku labu. Zitsulo amazipeza ndi makina ounikira kapena posema pang'ono pamalo osaopsa. Akatero m'pamene amawerengera: katundu watsopano ndi uyu, mphamvu yomwe ilipo ndi iyi.

Eni nyumba ena amakhumudwa kuona maenje ndi zipsera pa nyumba yawo ntchito isanayambe. Ine ndimaona kuti ndalama ya gawo limeneli ndi imene imagwira ntchito kuposa ina iliyonse pa pulojekiti yonse. Injiniya wolemba lipoti atangozungulira nyumba ndi maso sanakuthandizeni.

Yankho likhoza kukhala loti nyumba ikwanitsa mmene ilili, loti ilimbitsidwe kaye, kapena loti zisatheke. Njira zolimbitsira zilipo zingapo. Pilala yofooka amaiveka zitsulo zatsopano ndi konkire kuzungulira. Fandeshoni amaikulitsa pokumba pansi pake, koma pang'onopang'ono, mita imodzi apa, kulumpha, mita ina uko, osakumba mzere wonse nthawi imodzi. Khoma amalikuta ndi waya wolimba mbali zonse n'kupaka simenti yamphamvu. Posanjika, njira yomwe nthawi zambiri imakhala yodalirika ndi kuimika mapilala atsopano okhala ndi fandeshoni zawozawo, kuti nyumba yam'mwamba iime pa miyendo yake, makoma akale angotsala otchinga. Ena amachepetsa katundu weniweniyo: m'mwamba amamanga ndi zitsulo, matabwa ndi mabodi m'malo mwa silabu ndi njerwa.

Powonjezera zipinda cham'mbali, dziwani kuti gawo latsopano limakhazikika pang'ono m'zaka zoyamba pamene lakale linakhazikika kalekale. Mng'alu wowongoka pa malumikiziro ndi wofala. Injiniya amasankha kusiya mpata wadala pamenepo kapena kulumikiza ndi zitsulo zobooleredwa ndi kumatidwa mu konkire wakale. Kungogunditsa njerwa zatsopano ku khoma lakale si kulumikiza.

Masiku oopsa kwambiri ndi a ntchito

Nyumba yokonzedwa imakhala yofooka kwambiri pakati pa ntchito, zakale zitachoka, zatsopano zisanakhwime. Ku Blantyre mu 2011 nyumba ina yodyeramo inagwa ikukonzedwa ndipo anthu anafa. Konkire amafika pa mphamvu yomwe anawerengeredwa pakatha masiku 28, ndipo pa sabata yoyamba amakhala ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, ngati akuthiriridwa madzi. Nyengo yozizira ya mu Juni ndi Julayi kuno imachedwetsa kukhwimako. Komabe timaona mitengo ikuchotsedwa msanga chifukwa ikufunika ku saiti ina, kapena mabuloko, mchenga ndi migolo ya madzi zitaunjikidwa pakati pa silabu ya masiku ochepa. Mitengo ya bulugamu yoimikidwa pa dothi lonyowa popanda thabwa pansi imamira pamene konkire akuthiridwa. Ngalande yokumbidwa m'mbali mwa fandeshoni yakale ikasiyidwa yotsegula n'kudzaza mvula, imafewetsa dothi lomwe likunyamula nyumba.

Palinso chizolowezi chosiya sitolo yotsegula pansi pamene m'mwamba akuthira silabu. Mwini nyumba safuna kutaya lendi, wabizinesi safuna kutaya makasitomala, ndipo zonsezi n'zomveka. Koma pa masiku ogumula khoma lonyamula ndi othira konkire, pansipo pasakhale munthu amene sali pa ntchitoyo.

Chilolezo, ndalama ndi chisankho

Kusintha kamangidwe kapena ntchito ya nyumba mu mzinda kumafuna chilolezo cha khonsolo. Mainjiniya amalembetsedwa ku Malawi Engineering Institution, ndipo makontirakitala ku bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC. Kufunsa umboni wa kulembetsa si chipongwe. Wojambula pulani, injiniya ndi mmisiri ndi anthu atatu a ntchito zosiyana, ndipo pulani yokongola ya zipinda si masamu a zitsulo. Injiniyayo abwerenso kudzaona zitsulo konkire asanathiridwe, chifukwa pambuyo pake palibe angazione.

Odandaula kuti njira imeneyi ndi yodula komanso yochedwa ali ndi mfundo, ndipo n'chifukwa chake ambiri amamanga mwakachetechete. A khonsolo nawo ali ndi mfundo yawo: nyumba ikagwa siigwera mwini wake yekha. Za kugwetsa kapena kukonza, yankho silimodzi. Nyumba ya simenti yokhala ndi fandeshoni yabwino pa chitunda ikhoza kulimbitsidwa pa mtengo wotsika kuposa kumanga ina. Nyumba ya matope kudambo, ndalama yoilimbitsa kuti isenze silabu ikhoza kuposa ya kuyamba pansi.

Nyumba ikayamba kulankhula

Si mng'alu uliwonse woopsa. Timizere topyapyala ngati tsitsi pa pulasitala n'tofala. Wofunika kuutsata ndi wopendekeka wochokera pa ngodya ya windo kapena chitseko, wotsata njerwa ngati masitepe, wooneka mbali zonse ziwiri za khoma, kapena wotambalala kuposa mamilimita asanu. Lembani ndi pensulo pomwe wathera, ikani deti, yezani kutambalala kwake, muonenso pakatha sabata. Mng'alu womwe ukukula ndi wosiyana ndi womwe unaima kalekale. Chitseko chomwe chayamba kukanika mwadzidzidzi, matailosi othetheka mu mzere, silabu yodekha madzi pakati, khoma lotulutsa mimba, zonsezi ndi zifukwa zoitanira injiniya, makamaka zikabwera pambuyo pa ntchito yatsopano.

Zina sizidikira injiniya. Pilala ikamasweka n'kugwetsa zibenthu, mng'alu ukamakula maso akuona, mukamva kuthetheka kapena mchenga ukuyoyoka kuchokera pamwamba, tulukani. Ku Seoul mu 1995, sitolo yaikulu ya Sampoong, yomwe inawonjezeredwa nsanjika yachisanu ndi makina olemera padenga, inaonetsa ming'alu yaikulu m'mawa koma sinatsekedwe, ndipo madzulo ake inagwa n'kupha anthu 502. Ku Bangladesh mu Epulo 2013, nyumba ya Rana Plaza, yomwe inasanjikidwa popanda chilolezo n'kuikidwamo mafakitale ndi majenereta, inang'aluka tsiku limodzi isanagwe. Ogwira ntchito anauzidwa kuti abwerere m'mawa mwake, ndipo anthu oposa 1,100 anafa.

Mukatuluka, tulutsaninso a neba amene khoma lingawagwere, tchingani njira yodutsa pafupi, ndipo dziwitsani mwini nyumba ndi a khonsolo. Katundu wotsala m'katimo akatengedwe pokhapokha injiniya ataona nyumbayo n'kuichirikiza.